Mbiri ya Zipangizo za M'kati mwa Kompyuta

M'kati mwa kompyuta ya pa desiki muli bolodi lalikulu lotchedwa motherboard, pomwe pamalumikizidwa purosesa, memori ndi zosungiramo mafayilo. Chiyambi cha kamangidwe kameneka ndi chaka cha 1971, pamene kampani ya Intel ku California inatulutsa purosesa ya 4004 yokhala ndi matiranzisita 2,300. Ntchito yowerengera, imene kale inkafuna makina odzaza chipinda, inayamba kugwiridwa ndi kachipangizo kochepa kuposa chikhadabo.

Mu 1975 kunabwera kompyuta ya Altair 8800, imene ambiri ankaigula ili zidutswazidutswa n'kukailumikiza okha kunyumba. Kusintha kwakukulu kunadza mu Ogasiti 1981 ndi IBM PC. Makinawa anali ndi purosesa ya Intel 8088 komanso mipata isanu yolowetsamo makadi owonjezera. Kampani ya IBM inasindikiza buku lofotokoza mmene zamkatizo zinalumikizidwira, ndipo makampani ena monga Compaq anayamba kupanga makompyuta ogwira ntchito mofanana nawo.

Mu 1995 Intel inakhazikitsa muyezo wa ATX wa kukula kwa bolodi ndi kalumikizidwe ka magetsi. N'chifukwa chake lero zipangizo zochokera ku makampani osiyanasiyana zimakwanirana m'bokosi limodzi.