Guluu wa agogo ndi guluu wa m'botolo

Dzulo ndachita manyazi. Mpando umene ndinagula nditagulitsa soya wagwetsa apongozi anga, mwendo kuchita kuzuka ngati dzino. Ndinayamba kunyoza kalipentala, koma kenako ndinakumbuka: iye anali atangoumata m'mawa womwewo, ine n'kukakamira kuumangirira pa njinga, ulendo msewu wathu wamabampu uja. Guluu anali asanaume.

Nkhani ya guluuyi ndi yakale kuposa mmene timaganizira. Mu 1922, Howard Carter atatsegula manda a mfumu Tutankhamun ku Egypt, anapezamo mipando ndi mabokosi amene amisiri anamata ndi guluu wophikidwa kuchokera ku zikopa za nyama, zaka zoposa 3,000 zapitazo.

Kuno kwathu makolo ankangosema. Mtondo, bwato, chipande, zonse kuchokera ku mtengo umodzi, popanda polumikiza. Zolumikiza matabwa zinafala ndi mamishoni, monga ku Blantyre ndi ku Khondowe, kumene Robert Laws anatsegula sukulu yophunzitsanso ntchito zamanja mu 1894. Agogo anga aamuna anaphunzira kwa mmisiri wa ku mishoni, ndipo guluu wawo anali wa zikopa yemweyo. Ankabwera wouma gwa, wofiirira. Ankamuviika usiku wonse, m'mawa n'kumutenthetsa m'kachitini koikidwa m'madzi otentha, osalola kuti awire. Fungo lake, eee, ngakhale galu ankasamuka! Ankapaka ali wotentha, mwachangu asanaundane, n'kulowetsa thabwa m'bowo, kupana, kukhomera kachikhomo ka mtengo, basi. Tsiku limenelo palibe ankaukhudza. Tebulo lawo la mlombwa tikudyerapobe mpaka lero.

Guluu woyera wa m'botolo uyu ndi wa dzana. Mankhwala ake, polyvinyl acetate, anawatulukira Fritz Klatte ku Germany mu 1912, ndipo anafala kwa akalipentala itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Ndi wabwino ndithu, safuna moto, sanunkha. Koma kuphweka kwakeko n'kumene kumatipusitsa. Ameneyu amalimba madzi ake akalowa m'thabwa ndi kuuluka. Pakatha ola limodzi amaoneka ngati wagwira, pamene m'kati akadali phala. Amafuna maola 24, ndipo nyengo ya mvula kapena ya chisanu cha mu June mumuwonjezere. Nanga thabwa likakhala laliwisi, locheka sabata yatha, madziwo apita kuti? Mukagwedeza polumikizapo nthawi isanakwane, zimene zinayamba kugwirana zimaduka, ndipo sizibwereranso mwakale.

Mpando uja ndapala guluu wakale yense, ndapaka watsopano, ndaumanga ndi malegeni n'kuuika kuseri kwa chitseko. Ana ndawauza kale kuti wokhalapo lisanafike Lachinayi, sabata yonse akadyetsa mbuzi yekha.