Mabuku a Chinyanja Analembedwa ndi Anthu Otanganidwa

Pa Cassacatiza, m'boma la Chifunde, msewu wochokera ku Tete umawoloka malire n'kulowa m'Zambia pa Chanida, kulunjika ku Katete. Anthu a mbali zonse ziwiri amalankhula chilankhulo chimodzi, ndipo chaka chilichonse kumapeto kwa Ogasiti mafumu ndi anthu awo amadutsa njira imeneyi popita ku Mkaika ku mwambo wa Kulamba. Koma mphunzitsi wa kalasi ya zilankhulo ziwiri m'derali akafuna buku la Chinyanja loti ana awerenge akamaliza la m'kalasi, kawirikawiri amalisowa. Akalipeza, nthawi zambiri limakhala lochokera ku Zambia kapena ku Malawi.

Nkhani ya kuchepa kwa mabuku ndi yodziwika kwa aphunzitsi onse. Imene siikambidwa kwambiri ndi ya mabuku amene alipowo: anawalemba ndani, nthawi ankaipeza kuti, ndipo panapita zaka zingati kuti athe. Mbiri ikuonetsa kuti pafupifupi onse amene analemba za dera lino, kapena m'chilankhulo chake, anali ndi ntchito ina yowadyetsa. Ambiri anali aphunzitsi.

Kulemba tsiku ndi tsiku

Buku limodzi lakale kwambiri lofotokoza za Amaravi ndi Achewa a kumpoto kwa Tete linayamba ngati kope la paulendo. Mu 1831 gulu la Apwitikizi lotsogoleredwa ndi Major José Monteiro linanyamuka ku Tete kupita kwa Mwata Kazembe, kufupi ndi nyanja ya Mweru. Wachiwiri wake anali António Gamitto. Iyeyu anali msilikali, ndipo ntchito yake yeniyeni inali kuthandiza kuyendetsa ulendo umene unavutika ndi njala ndi matenda. Komabe ankalemba zochitika za tsiku lililonse: mtunda umene ayenda, mitsinje imene awoloka, mafumu amene akumana nawo ndi miyambo imene waona. Anadutsa m'dziko la Undi, amene likulu lake linali ku Mano, m'chigawo cha Tete chomwechi.

Gululo linabwerera mu 1832, koma buku lake, O Muata Cazembe, linasindikizidwa ku Lisbon mu 1854, patapita zaka 22. Kumasulira kwa Chingerezi kwa Ian Cunnison kunatuluka mu 1960. Gamitto ankaona zinthu ndi maso a mlendo, ndipo ankalembera Apwitikizi anzake. Anthu amene ankawafotokozawo sakanatha kuwerenga bukulo kapena kumutsutsa pamene walakwitsa. Koma pa nkhani ya kagwiridwe ka ntchito pali choti munthu atolepo. Patapita zaka makumi awiri palibe amene angakumbukire dzina la mtsinje uliwonse ndi tsiku limene anauwoloka. Bukulo linatheka chifukwa cha mizere imene inalembedwa tsiku lomwelo.

Ntchito ya anthu ambiri

Mabuku oyamba akuluakulu a m'chilankhulo chenichenicho anachokera ku mamishoni a ku Nyasaland, kumene tsopano ndi ku Malawi. David Clement Scott anafika ku mishoni ya Blantyre mu 1881. Mtanthauziramawu wake wa Chimang'anja unasindikizidwa mu 1892. M'zaka zomwezo anali mkulu wa mishoni, ankalalikira, ndiponso ankatsogolera ntchito yomanga tchalitchi cha St Michael and All Angels, imene inayamba mu 1888 n'kutha mu 1891. Mtanthauziramawu wotere sulembedwa ndi munthu mmodzi atadzitsekera m'chipinda. Liwu lililonse, mwambi uliwonse ndi chitsanzo chilichonse zinachokera pakamwa pa eni chilankhulo amene ankafunsidwa. Ntchitoyo siinathere pamenepo, chifukwa Alexander Hetherwick anaukonzanso n'kuukulitsa, ndipo unatulukanso mu 1929, patapita zaka 37.

Buku Lopatulika, limene limapezeka m'nyumba zambiri mbali zonse za malire, linayenda chimodzimodzi. Komiti yomasulira inakhazikitsidwa mu 1900 ndi mamishoni angapo, ndipo gawo lalikulu la ntchitoyo linali m'manja mwa William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed, mothandizana ndi aphunzitsi ndi alaliki achikuda. Baibulo lonse linatuluka mu 1922. Vuto lina lalikulu linali kusankha mawu oti amveke kwa Amang'anja a kum'mwera ndi Achewa a pakati nthawi imodzi. Mphunzitsi wa ku Chifunde amene amagwiritsa ntchito buku lolembedwa ku Niassa kapena ku Lilongwe amalidziwa bwino vuto limeneli.

Mphunzitsi wa ku Nkhoma

Chitsanzo choyandikira kwambiri moyo wa aphunzitsi ndi cha Samuel Josiah Ntara, amene anabadwa mu 1905 n'kumwalira mu 1976. Anali mphunzitsi pansi pa mishoni ya Nkhoma. Nthawi imeneyo bungwe la International Institute of African Languages and Cultures, limene linakhazikitsidwa ku London mu 1926, linkachititsa mpikisano wa mabuku olembedwa ndi Aafirika m'zilankhulo zawo. Ntara analemba Nthondo, nkhani yotsata moyo wa munthu wa kumudzi kuyambira ubwana mpaka atakhala mfumu, ndipo inapata mphotho mu 1933. Asanakwanitse zaka 30 anali atamaliza buku. Thomas Cullen Young analimasulira m'Chingerezi, ndipo linatuluka ku London mu 1934 ndi mutu wakuti Man of Africa.

Mpikisano uja unapereka zinthu ziwiri zimene mlembi wotanganidwa amasowa. Choyamba ndi tsiku lotsekera. Mphunzitsi amakhala ndi makope oti achonge, maphunziro a mawa oti akonze, munda ndi banja, choncho ntchito yopanda tsiku lomalizira imangokankhidwira kutsogolo. Chachiwiri ndi munthu woyembekezera kuwerenga. Kulemba pamanja masamba ambirimbiri, n'kuwakoperanso bwino kuti awerengeke, n'kovuta ngati wolembayo sakudziwa kumene adzawatumize.

Buku lina la Ntara, Mbiri ya Achewa, linafuna kagwiridwe kena. Linachokera ku zimene akuluakulu ankakumbukira za Kalonga, Undi ndi mafumu ena, ndipo mbali ya mbiriyo inachitikira m'dziko limene lero ndi chigawo cha Tete. Ntchito yotere imayamba ndi kukhala pansi n'kumvetsera, kenako kufananitsa zimene wanena mkulu uyu ndi za mkulu uja, chifukwa sizigwirizana nthawi zonse. Bukulo linatuluka koyamba m'zaka za m'ma 1940, linasindikizidwanso mu 1965, ndipo mu 1973 linatuluka m'Chingerezi ku Wiesbaden, ku Germany, atalimasulira W. S. Kamphandira Jere. Munalinso ndemanga za Harry Langworthy, wofufuza mbiri amene analemba za ufumu wa Undi. Choncho buku limodzi linakhala pa ntchito pafupifupi zaka 30, likudutsa m'manja mwa akuluakulu ofotokoza, mlembi, osindikiza, womasulira ndi wofufuza.

Pambuyo pa Ntara panatseguka njira yokhazikika. Mu 1948 maboma a Northern Rhodesia ndi Nyasaland anakhazikitsa limodzi ofesi yoona za mabuku, ya Joint Publications Bureau. Inkalandira zolemba za anthu, kuzipereka kwa oziunika, ndi kukonza zoti zisindikizidwe mogwirizana ndi makampani osindikiza mabuku. Msika waukulu unali masukulu. Mayiko awiriwa atalandira ufulu mu 1964, lililonse linapitiriza ndi ofesi yakeyake. M'nyengo imeneyi ndi m'zaka zotsatira munatuluka mabuku amene ambiri anakula nawo, monga Kukula ndi Mwambo la John Gwengwe ndi Kokha Mcheperawakalulu la E. J. Chadza, amene nayenso anali mphunzitsi.

Mbali ya Mozambique

Kuno zinthu zinayenda mosiyana. Pangano la 1940 pakati pa Portugal ndi Vatican, ndi lamulo la mamishoni la 1941, zinapereka maphunziro a ana achikuda kwa mamishoni a Katolika, ndipo chilankhulo cha m'sukulu chinayenera kukhala Chipwitikizi. Zilankhulo za eni dziko zinkaloledwa pophunzitsa za chipembedzo. Panalibe ofesi yolandira nkhani za Chinyanja, ndipo sukulu sizinkagula mabuku otere. Ntchito yaikulu imene inatheka ndi mitanthauziramawu iwiri ya ansembe a Chijezuiti, wa Chinyanja kupita ku Chipwitikizi mu 1963 ndi wa Chipwitikizi kupita ku Chinyanja mu 1964, yosindikizidwa ku Lisbon. Inatuluka m'dzina la gulu lonse la amishoniwo. Dziko litalandira ufulu mu 1975, Chipwitikizi chinakhalabe chilankhulo chokhacho chophunzitsira.

Izi zikusonyeza kumene kunachokera kusiyana kumene kumaoneka pa malire a Cassacatiza. Anthu odziwa kusimba nkhani analipo mbali zonse. Tsidya lina munthu akalemba ankadziwa kotumiza, pamene tsidya lino kope linkathera m'bokosi.

Kusintha kunayamba pang'onopang'ono. Mu 1988 ku Maputo kunachitika msonkhano woyamba wokonza kalembedwe ka zilankhulo za Mozambique, motsogoleredwa ndi akatswiri a NELIMO a ku yunivesite ya Eduardo Mondlane. Misonkhano ina inatsatira mu 1999 ndi mu 2008. Nkhondo itatha mu 1992, anthu ambiri a ku Tete anabwerera kuchokera ku Malawi ndi ku Zambia, ena ataphunzira kale kuwerenga chilankhulo chawo m'sukulu za kumeneko. Kuyambira 1993 mpaka 1997 bungwe la INDE linayendetsa ntchito yoyesera ya PEBIMO, imene inaphunzitsa ana m'Chichangana ku Gaza ndi m'Chinyanja ku Tete. Pa ntchito imeneyo mabuku a ana anayenera kulembedwa atsopano, chifukwa okonzeka kale kunalibe. Mu 2003 maphunziro a zilankhulo ziwiri analowa m'sukulu za boma. Ofufuza amene anakhala m'makalasi otere, monga Feliciano Chimbutane ku Gaza, anapeza kuti ana amalankhula ndi kufunsa momasuka m'chilankhulo chawo, koma mabuku a m'zilankhulozo ndi osowa.

Zimene aphunzitsi angatengepo

Mbiri imeneyi siikulonjeza kuti kulemba n'kosavuta. Ikungoonetsa zinthu zimene zinathandiza anthu otanganidwa kufika kumapeto, ndipo zambiri mwa izo mphunzitsi wa ku Chifunde angazipeze popanda kudikira thandizo la kutali.

Choyamba ndi kope limodzi losungidwira ntchito imeneyi yokha, lolembedwa deti pa tsamba lililonse. Nthano imene mwana wasimba m'kalasi, chirapi, dzina la mtengo kapena la nsomba limene silipezeka m'buku la boma, zonsezi zimaiwalika zikapanda kulembedwa tsiku lomwelo. Tsamba limodzi pa sabata limakwana masamba oposa 30 pa chaka cha sukulu, ndipo kabuku ka mwana wa kalasi yachiwiri sikafuna ochuluka chotero.

Chachiwiri ndi tsiku lomalizira ndi anthu owerenga. Misonkhano ya ZIP ingagwire ntchito imene mpikisano wa ku London unagwira kwa Ntara. Aphunzitsi angagwirizane kuti pakutha pa teremu aliyense abweretse nkhani imodzi yomalizidwa, anzake aiwerenge mokweza, aone mawu amene angasokoneze ana, kenako aiyese m'kalasi. Mutu umodzi susenza denga, ndipo palibe buku limene latchulidwa pano limene linatha popanda kudutsa m'manja ena.

Chachitatu ndi kalembedwe. Ana a pamalire amakumana ndi liwu limodzi litalembedwa mosiyana, monga chinthu m'mabuku a ku Malawi ndi cinthu m'mabuku a ku Zambia. Gulu la aphunzitsi liyenera kugwirizana ntchito isanayambe kuti zolemba za m'kalasi zitsate kalembedwe kovomerezeka m'sukulu za Mozambique. Kukonza zilembo masamba onse atalembedwa kale kumadya nthawi ndipo kumagwetsa ulesi.

Chachinayi ndi mayina. Anthu ambiri amene anapereka mawu kwa Scott kapena amene anafotokozera Gamitto za dziko lawo sadziwika lero. Mphunzitsi amene wamva mbiri ya mudzi kwa agogo ena alembe dzina lawo, mudzi wawo ndi tsiku limene anacheza nawo, atawapempha chilolezo. Ana amene adzawerenge kabukuko angakhale zidzukulu za agogo omwewo.

Pomaliza, buku limafuna kuti wina anene kuti latha. Mtanthauziramawu wa Scott unatuluka uli ndi zoperewera zimene Hetherwick anadzakonza, ndipo Mbiri ya Achewa inasindikizidwanso patapita zaka pafupifupi 20. Kabuku ka masamba 12, kotayipidwa pa kompyuta kapena kokopedwa bwino pamanja n'kusokedwa ndi ulusi, kangayambe kuwerengedwa teremu ikubwerayi, ndipo zolakwika zimene ana ndi makolo adzapezemo zidzakonzedwa polembanso kachiwiri.