Limba

Mawu akuti limba, amene anthu a m'minda ya tiyi ku Thyolo amatchulira kiyibodi ya m'tchalitchi, ndi akale kuposa magetsi, pakuti makolo a kuchigwa cha Shire, kunsi kwa mapiri a ku Thyolo, anali kale ndi valimba, choyimbira cha timatabwa toyalidwa pamwamba pa zikho, chimene amuna angapo amachimenya pamodzi ndi timitengo. Pamene amishoni anadza ndi choyimbira chawo chopopa mpweya ndi mapazi, mano ake atandandalika kuyambira liwu lalikulu kufikira laling'ono, dzina lakale lija linachiyenera. Ndipo ine ndiyesa kuti amene anachitcha chotero anali ndi khutu labwino.

Chifukwa chake Dave Greenfield, amene analowa gulu loyimba la The Stranglers ku England mu 1975 nakhala momwemo kufikira imfa yake mu 2020, zala zake zikuthamanga pakiyibodi ngati mtsinje wa Nswadzi m'dzinja, tiyenera kumutcha woyimba limba, monganso mnyamata wothyola tiyi ku Satemwa amene, atatula dengu lake pasikelo, amapita kukaphunzitsa kwaya nyimbo za Lamulungu.