Pepala la Cidule Limene Wodwala Alandira Pocoka kwa Dokotala

Pepala la cidule ndi cikalata cimene wodwala apatsidwa akatha kuonana ndi dokotala kapena namwino pa kiliniki. Pa pepalali pamalembedwa matenda amene apezeka, mankhwala ndi kamwedwe kake, zotsatira za kupima, tsiku lobwereranso, ndiponso zizindikiro zofuna kuti munthu athamangire ku cipatala.

Cifukwa cacikulu coperekera pepalali ndi kuiwala. M'caka ca 2003, katswiri wa za maganizo Roy Kessels anafalitsa lipoti lonena kuti odwala amaiwala nthawi yomweyo pakati pa 40 ndi 80 peresenti ya zimene auzidwa ndi a zaumoyo, ndipo pafupifupi theka la zimene akumbukira zimakhala zolakwika. Mantha, ululu ndi kuculuka kwa malangizo ndizo zina mwa zimene zimacititsa zimenezi.

Cizolowezici cinafala kwambiri m'dziko la United States pambuyo pa lamulo la HITECH la m'caka ca 2009, limene linalimbikitsa zipatala kusunga mbiri ya odwala pa kompyuta. Kuyambira mu 2011, madokotala ofuna ndalama za cilimbikitso zocokera ku boma anayenera kupereka pepalali pasanathe masiku atatu a nchito, pa maulendo oposa theka a odwala ao. Mu 2014 nthawiyo inafupikitsidwa kukhala tsiku limodzi. Malamulowo anasinthidwa pambuyo pake, koma makiliniki ambiri akupitirizabe kupereka pepalali.

Odwala amaligwiritsa nchito m'njira zosiyanasiyana. Ena amaliwerenga akafika kunyumba pofuna kutsimikiza kuculuka kwa mapilisi ndi nthawi yomwera. Ena amalipereka kwa mwana kapena mbale amene amawasamalira koma sanali nao m'cipinda ca dokotala. Palinso amene amalinyamula popita kwa dokotala wina, kuti asapatsidwe mankhwala osagwirizana ndi amene akumwa kale. Zimenezi n'zofunika makamaka kwa odwala matenda okhalitsa monga shuga ndi kuthamanga kwa magazi.

Komabe pepalali lili ndi zovuta zake. Popeza limatuluka mu kompyuta, nthawi zina limakhala la masamba ambiri ndi lodzaza ndi mau acipatala, kotero kuti malangizo ofunika amabisika. Mndandanda wa mankhwala ungasonyezenso mankhwala amene wodwala anauzidwa kale kuti aleke, ndipo munthu wokhulupirira pepala angayambirenso kuwamwa. Kwa amene sadziwa kuwerenga, kapena sadziwa cinenero cimene lalembedwamo, phindu lake limadalira kupeza munthu wowawerengera.

Kuno ku Zambia, ganizo lakuti wodwala azisunga yekha zolembedwa za umoyo wake si lacilendo. Khadi la ana osakwana zaka zisanu, limene makolo amanyamula popita ku sikelo, limasonyeza kulemera kwa mwana, katemera amene walandira ndi tsiku lobwerera.

Pepala la mtundu uliwonse limathandiza ngati wodwala aliona asanacoke pa kiliniki, afunsa pamene sanamvetse, anena ngati pali colakwika, ndi kubwera nalo pa ulendo wotsatira.