Susi ndi Chuma, Anchito a Livingstone

Ambiri amayesa kuti David Livingstone anali mtsogoleri wokondedwa ndi onse, koma sikunali tero. Pa ulendo wa pa Zambezi anakangana ndi Azungu anzace: Bedingfeld anasiya nchito m'caka ca 1858, ndipo Thomas Baines anacotsedwa caka cotsatira. Mu 1866 amtengatenga a ku cisumbu ca Johanna anamthawa, nakanama ku Zanzibar kuti Bwana waphedwa.

Ngakhale Susi ndi Chuma, amene maina ao achuka, nawonso anafooka. Chuma anali mnyamata wa Ciyao woomboledwa m'manja mwa ogula akapolo mu 1861. Susi analembedwa nchito ku Zambezi. Mu April 1868, pamene Livingstone anafuna kukaona nyanja ya Bangweulu, iwo anakana kumtsata, atalema ndi maulendo osatha. Atapita miyezi ingapo anabwerera kwa iye. Kapitao wina akadawapitikitsa, ndipo palibe akadamtsutsa. Koma iye anawalandiranso, pozindikira kuti anatopadi, ndi kuti mwini wace analinso ndi zolakwa zace. Kuyambira pamenepo sanamsiyenso.

Mphamvu ya cikhululukiro cimeneci inaoneka mu May 1873, pamene iye anamwalira kwa Chitambo, m'dziko la Ilala. Tsono panalibe wowalamulira kapena wowaopseza. Akadakumba manda pomwepo, nagawana nsaru ndi mikanda, ndani akadadziwa? Iwo anakwirira mtima wace patsinde pa mtengo wa mpundu, ndipo Jacob Wainwright analemba dzina pa mtengowo. Mtembo anauthira mcere, nauyanika padzuwa masabata awiri, naukulunga m'nsaru ndi khungwa.

Aliyense wodziwa mwambo wa makolo angazindikire kuopsa kwa kupita ndi maliro a mlendo pakati pa midzi ya eni. Matenda anawagwira, ena nafera panjira. Ku Unyanyembe, Cameron, amene anatumidwa kudzathandiza Livingstone, anawauza kuti aike maliro komweko, iwo anakana. Anafika ku Bagamoyo mu February 1874, atayenda mamailo oposa 1,000.

Kumeneko analandira malipiro ao, nasiyidwa. Pa 18 April 1874, pa maliro a ku Westminster Abbey, mwa onsewo panali Wainwright yekha. Susi ndi Chuma anafika ku England maliro atatha, pa ndalama za James Young, nathandiza Horace Waller kulongosola mbiri ya masiku otsiriza a mbuye wao.