Nzimbe, Msatsimanga ndi Fodya: Mbiri ya Mafuta Olimidwa M'munda

Mtsinje wa Dwangwa, umene umayambira m'zigwa za boma la Kasungu n'kukathira m'nyanja ya Malawi ku Nkhotakota, ndiwo umalumikiza dera la fodya la Chisemphere ku Kasungu ndi mbiri ya mafuta agalimoto ochokera ku zomera, pakuti madzi ake ndi amene amathirira nzimbe za ku Dwangwa kumene ntchitoyi inayambira. Mu 1982, mitengo ya mafuta itakwera padziko lonse mu 1973 ndi 1979, ndiponso nkhondo ya ku Mozambique itayamba kusokoneza njira za ku Beira ndi Nacala, kampani ya ETHCO inatsegula fakitale yotcheza ethanol, amene ndi mowa woyengedwa kwambiri wa mtundu wa kachasu, woti ukasakanizidwa ndi petulo umayendetsa injini. Fakitale yachiwiri, ya PressCane, inatsegulidwa ku Chikwawa mu 2004.

Chimene chachititsa kuti ntchitoyi ikhalitse zaka zoposa 40 n'chakuti ethanol wa kuno amachokera ku molasesi, madzi akuda okhathamira amene amatsala shuga akatengedwa, kotero kuti sipafunika kuswa mphanje kapena kulanda munda wa chimanga. Ngakhale zili choncho, nzimbe zimamwa madzi ambiri, ndipo potcheza pamatsala madzi onunkha ochuluka kwambiri kuposa ethanol weniweniyo, amene akatayidwa mosasamala amawononga nthaka ndi mitsinje. Komanso molasesi sakwanira, chifukwa kuchuluka kwake kumadalira shuga amene wapangidwa chaka chimenecho.

Kumtunda, m'zigwa za Kasungu, nkhani inayenda mwina. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970 maesiteti a fodya anakuta dera lalikulu, ndipo alimi ang'onoang'ono ataloledwa kulima fodya wa bale kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, mitengo yachilengedwe inathera ku milimo ndi mphanda za zigafa, pamene ina inkapsa m'mabani owotchera fodya. Nkhalango ya Chimaliro, imene ili pafupi ndi Chisemphere, ndi imodzi mwa malo ochepa amene mitengo ya tsamba ndi mombo ikuonekabe yowirira. M'dziko lotere, mbewu yolonjeza mafuta, mthunzi ndi ndalama nthawi imodzi inali yosavuta kuikhulupirira.

Mbewuyo inali msatsimanga, umene akatswiri amautcha jatropha, chitsamba chochokera ku Central America chimene njere zake zili ndi mafuta koma ndi zapoizoni, moti mbuzi ndi ng'ombe siziudya. Kampani ya Bio Energy Resources Limited, yodziwika kuti BERL, imene inakhazikitsidwa mu 2006, inagwira ntchito ndi magulu a alimi m'maboma angapo kuphatikizapo Kasungu, ndipo inasankha kuti mbewuyo idzalidwe m'malire a minda ngati mpanda, osati m'munda wonse, pofuna kuti chakudya chisachepe. Njere zinkapita ku Lilongwe kukafinyidwa kuti mafuta ake asakanizidwe ndi dizilo. Nzeru ya mpandayo inali yabwino, ndipo inapewa mikangano ya malo imene inabuka ku Mozambique ndi ku Tanzania kumene makampani akunja anatenga minda ikuluikulu, ambiri n'kudzaisiya patapita zaka zochepa.

Komabe chimene chinavuta ndi chimene mlimi aliyense wa fodya akanachiona msanga. Msatsimanga umamera ndithu pa nthaka yoguga, koma kuti ubereke zokwanira umafuna chonde ndi mvula monga mbewu ina iliyonse, ndipo umatenga zaka zingapo usanayambe kubala mokhutiritsa. Zipatso zake sizipsa pamodzi, choncho zimafuna kuthyola kangapo, nthawi yomweyo imene banja lili kalikiliki kuthyola fodya, kusoka ndi kupachika m'chigafa. Munthu amene akuyembekeza ndalama za belo ku okushoni ya Chinkhoma sangasiye tsamba kuti akatole njere zogulidwa pamtengo wotsika, ndipo sanalakwe powerengera motero.

Ngakhale pamene mafuta anasowa kwambiri mu 2011 ndi 2012, galimoto zikugona pamizere, msatsimanga sunathe kudzaza mpatawo. Mafuta ochokera ku zomera amene akuyendetsa galimoto za pamsewu wa M1, zodutsa ku Kasungu kupita ku Mzuzu, akadali a nzimbe za ku Dwangwa ndi za ku Nchalo ku Chikwawa.