Mbiri ya Tizirombo Tosamva Mankhwala

Alexander Fleming atatulukira penisilini m'chaka cha 1928, anthu ambiri anayesa kuti matenda agonja. Koma mu 1959 akatswiri a ku Japan anapeza kuti tizirombo ta m'matumbo timapatsirana mphamvu yokana mankhwala, ngakhale tikhale ta mitundu yosiyana. Tikatuluka ndi chimbudzi, timakagawiranso tinzake ta m'nthaka ndi m'madzi. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2023 anapeza tizirombo totere mwa anthu, ziweto ndi m'mitsinje ku Ndirande, Chileka ndi Chikwawa, makamaka dzinja. Kwa Kadewere, ku Chiradzulu, monga kwina konse, mvula ikakokolera zonyansa m'chitsime, womwa madziwo angadwale nthenda yokanika kuchiza. Motero kusamala zimbudzi ndi zitsime kumatetezanso mphamvu ya mankhwala.